Kusankha foloko ya mashoko pa mauntini baiki: zomwe taona m'misewu ya ku Salima

Kuno ku Salima njinga aliyense ali nayo, koma amene timapalasa mauntini baiki chifukwa chongoikonda tilipo ochepa ndithu, ndipo tikakumana Loweruka m'mawa pa Kamuzu Road nkhani imakhala imodzimodzi, mashoko basi. Wina akuti ake akulira, wina ake anauma kalekale satsikanso, wina wangobwera nayo foloko kuchokera pa kaunjika ku Lilongwe koma ikukana kulowa pa felemu. Ineyo ndapalasapo mafoloko anayi, za anzanganso ndimabwereka tikamapita ku Senga Bay kapena kulowera cha ku Lifuwu, ndiye ndati ndilembe mmene ndimachitira pofananitsa kuti ndalama zanu zisapite pachabe, chifukwa zinthuzi sizotchipa ayi. Maganizo anga ndi akuti foloko yabwino kwa ife ndi imene ikukwana pa njinga yanu komanso mungathe kuitsegula n'kuitsuka konkuno, dzina lake libwere pambuyo.

Choyamba, musanafunse mtengo, dzifunseni kuti mumapalasa kuti

Ngati ulendo wanu ndi wa pa tala, kuchoka pa boma kupita ku Senga Bay makilomita pafupifupi 20 aja, kapena kutsata M5 kulowera ku Chipoka, mashoko simukuwafuna kwenikweni, ndipo mukakhala nawo akhale a loko kuti muzitseka. Ngati njingayo ndi ya kabaza kapena yonyamulira matumba a mpunga ndi makala, achimwene isiyeni foloko youma ija, njinga ngati Buffalo sanaiwale kuika mashoko, anachita dala chifukwa katundu wolemera amafuna chitsulo chosagwedera. Ndipo china chimene ambiri sakhulupirira mpaka atayesa, mumchenga mashoko sathandiza. Mchenga wa kunyanja uja umafuna tayala lalikulu ndi mpweya wochepa pang'ono, ngakhale mutaika foloko yodula bwanji mukafika pa mchenga wakuya mutsika n'kumakankha ngati wina aliyense.

Pomwe mashoko amaonetsa ntchito ndi m'misewu ya fumbi ija yokhala ndi timabampu tondondozana ngati malata, m'mizere ya ngolo imene imauma gwa mu dothi la makande mvula ikatha, komanso m'miyala ya kumapiri cha ku Thuma. Kumeneko ndi foloko youma manja amachita dzanzi, ukafika kunyumba ngakhale kapu ya tiyi kuigwira movutikira.

Apa ndi pomwe pamabwera nkhani ya travel, kutanthauza kutalika kwa mmene foloko imatsikira ikagunda bampu. Za mamilimita 80 mpaka 100 ndi zokwanira m'misewu yathu yambiri, 120 ndi yabwino ngati mumakonda zitunda ndi miyala, koma zija za 150 kapena 160 ndi za anthu otsetsereka m'mapiri akuluakulu, kuno kuchigwa mungosenza kulemera kwaulere. Komanso felemu iliyonse anaipangira travel yake, musapitirire ndi mamilimita oposa 20 pa imene inabwera nayo, chifukwa kutsogolo kumakwera, njinga imayamba kuvuta pokhota ndi pokwera chitunda ndipo khosi la felemu limalandira mphamvu imene silinapangidwire.

Chachiwiri, yezani njinga yanu, pano musathamange

Apa ndi pomwe ndinaluzapo ndalama ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinapeza foloko ya mpweya pa kaunjika, yooneka bwino, ndinakondwa n'kulipira osayeza, kufika nayo kuno wokonza njinga wanga kungoiona anati imeneyi silowa. Paipi yake ya m'khosi inali yotukuka kumunsi pomwe felemu yanga ndi ya khosi lowongoka. Inakhala kuseri kwa chitseko miyezi ingapo mpaka ndinaigulitsa motchipa.

Ndiye tengani tepi ndi foni, muone zinthu izi. Pa tayala werengani saizi, palembedwa 26, 27.5 kapena 29, foloko iyenera kukhala ya saizi yomweyo. Njinga zambiri za kaunjika kuno ndi za 26, ndipo mafoloko abwino atsopano a 26 akusowa masiku ano chifukwa opanga anasamukira ku matayala akuluakulu, n'chifukwa chake ambiri timadalira ogwiritsidwapo kale ntchito.

Kenako paipi ya m'khosi ija, imene ena amangoti steerer. Ilipo yowongoka ya inchi imodzi ndi 1/8, yomwe ndi mamilimita 28.6 kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndiye ilipo yotukuka kumunsi kufika inchi imodzi ndi theka, imeneyi amati tapered. Yowongoka itha kulowa mu felemu ya tapered mutapeza adaputala ya pansi, koma ya tapered mu khosi lopyapyala lowongoka iwalani. Njinga zakalekale zina zili ndi khosi la inchi imodzi la mazinga, zimenezo kupeza mashoko abwino n'kovuta, ingosungani foloko yake. Muyezenso kutalika kwa paipiyo, foloko ya kaunjika mwini wake woyamba anaidula kale molingana ndi njinga yake, ikakhala yaifupi kwa inu palibe chochita, ndipo chonde musalole munthu kuti aiwotcherere kuti italike, pamenepo ndi pomwe pali moyo wanu.

Pa ekiselo, habu zambiri kuno ndi za kachitsulo kopyapyala kokhala ndi kandodo kotsekera, quick release ya mamilimita 9, m'lifupi 100. Mafoloko amakono ambiri ndi a ekiselo yonenepa ya mamilimita 15 yolowa kubowo, ina 100 m'lifupi ina 110 imene amati Boost. Mukagula yotero ndiye kuti habu kapena wilo yonse ya kutsogolo musinthanso, muwerengeretu ndalama imeneyo. Chomaliza mabuleki. Ngati anu ndi ogwira pa limu, foloko ikhale ndi tizitsulo tiwiri tomangirapo mabuleki pa miyendo, zambiri zatsopano zilibe, ndi za disiki zokhazokha. Jambulani zonsezi pa foni, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi foloko yakaleyo kumsika mukaziike pamodzi.

Chachitatu, sipulingi kapena mpweya

Tiyambe ndi zopanda dzina zija zimene zimabwera pa njinga zotchipa zonyezimira, mkati muli kasipulingi kamodzi mwendo umodzi, mwendo winawo mulibe kanthu. Yanga yoyamba inali yotero. Ikagunda bampu imabwerera ndi mphamvu n'kumveka kho pamwamba, mvula imodzi yokha inachita dzimbiri n'kuuma, ndiye ndinkangoyenda ndi chitsulo cholemera chosagwira ntchito, komanso chogwedera ndikagwira buleki. Kunena zoona yoteroyo imaposedwa ndi foloko youma yabwino.

Pamwamba pa zimenezo pali za SR Suntour, zomwe ndi zimene mudzazione kwambiri pa njinga za kaunjika za maina. XCT ndi yoyambira, ya sipulingi, mapaipi ake awiri onyezimira olowa m'miyendo aja ndi onenepa mamilimita 28 kapena 30, yolemera makilo cha m'ma awiri ndi theka. XCM ndi mkulu wake, yolimbirapo, zina zili ndi loko. XCR zambiri mapaipi ake ndi 32, ilipo ya sipulingi ilipo ya mpweya, ndipo zambiri zili ndi posinthira liwiro lobwerera. Chimene ndimazikondera ndi chakuti n'zosavuta, za sipulingizo mkati mwa miyendo mumayenda girisi, munthu wodziwa sipanala atha kutsegula pansi pa mtengo wa mango, kupukuta, kupaka girisi watsopano n'kutseka. Mnzathu wina wa ku Khombedza ali ndi XCM imene waipalasa zaka, amaitsegula mvula ikatha ndiponso isanayambe, ndipo imatsika mofewa kuposa ya mpweya ya mnzathu wina amene sanaitsegulepo chigulireni.

Vuto la sipulingi ndi lakuti anaipangira munthu wa thupi lapakatikati. Ngati ndinu wopepuka, monga achinyamata ndi azimayi ambiri amene timapalasa nawo, foloko singatsike mokwanira, ngati ndinu wonenepa imathera pansi msanga. Kachitsekerero ka pamwamba kolembedwa preload kamathandiza pang'ono chabe, sikasintha kulimba kwa sipulingi yeniyeniyo.

Za mpweya ndi nkhani ina. M'malo mwa sipulingi muli mpweya umene mumapopa molingana ndi thupi lanu, ndipo zimapepuka, zabwino zake zimatsika pansi pa makilo awiri. Apa ndi pomwe mumve maina a RockShox monga Judy, Recon ndi Reba, ndi a Fox amene amangotchula manambala, 32, 34, 36, nambalayo ndi kunenepa kwa mapaipi mu mamilimita. Pa RockShox mukaona palembedwa Silver dziwani kuti mapaipi ndi achitsulo, Gold ndi aluminiyamu yopepuka. RockShox ndi kampani ya ku America imene Paul Turner anayambitsa mu 1989, foloko yawo yoyamba inali RS-1, ndipo kuyambira 2002 ili m'manja mwa SRAM, ndiye mukamasaka mabuku a kakonzedwe pa intaneti muwapeza pa dzina la SRAM. Tsiku limene ndinabwereka njinga ya Reba n'kudutsa pa timabampu ta malata tija ndinamva kusiyana nthawi yomweyo, tayala limakhala ngati lamatirira pansi, mahandulo osanjenjemera, ndinafika manja ali bwinobwino. Koma mudziwe mtengo wake wobisika, imafuna pampu yakeyake, oyilo wakewake ndi ma seal, timalabala totchinga fumbi ndi oyilo pomwe paipi imalowa m'mwendo, amene m'mashopu a njinga a pa boma ine sindinawaonepo, mumachita kuitanitsa. Ngati mulibe njira yopezera zimenezi, XCM kapena XCR ya sipulingi yosamalidwa idzakutumikirani nthawi yaitali kuposa Fox youma mkati.

Chenjeraninso ndi masitika. Sitika aliyense atha kumata. Za RockShox zenizeni zimakhala ndi siriyo nambala pa korona, chitsulo chija cholumikiza mapaipi awiri kumtunda, ndipo nambalayo mutha kuilowetsa pa apu yawo ya TrailHead ikuuzani mtundu wake. Ndipo mtundu wa golide pa mapaipi si umboni kuti ndi Kashima, utoto wapadera woterera umene a Fox amakutira mapaipi a mafoloko awo odula, zabodza zopaka golide zilipo.

Chachinayi, iyeseni ndi manja musanalipire

Wogulitsa asakufulumizitseni. Pukutani mapaipi onyezimirawo ndi nsalu, muyendetse chikhadabo kuchokera pamwamba mpaka pansi mozungulira. Chikhadabo chikakodwa pa mkwalasa, kapena mukaona timadontho ta dzimbiri, kapena utoto utafufutika pafupi ndi ma seal, dziwani kuti pamenepo pazidya seal iliyonse imene mudzaike, fumbi lizilowa oyilo azituluka. Kamphete kochepa ka mafuta pa paipi sikoopsa, koma oyilo woyenderera pa mwendo wosakanikirana ndi fumbi ndiye kuti seal inatha.

Ndiye ikani foloko pansi, kapena ngati ili pa njinga gwirani mahandulo, mutsindikize ndi thupi lonse. Iyenera kuyamba kutsika mosakakamira, osati kukana kenako n'kugwa kamodzi. Isiyeni ibwerere, imvetsereni. Kaphokoso ka oyilo ngati munthu akupuma n'kabwinobwino, koma kho wachitsulo pamwamba ayi. Tsekani loko mutsindikizenso muone ngati yalimba. Potokolani ka rebound, kosinthira liwiro lobwerera kaja, mbali zonse, liwiro lobwerera lisinthe ndithu, likapanda kusintha ndiye kuti mkatimo muli vuto.

Mabushi, timphete ta mkati mwa miyendo momwe mapaipi amatsetserekamo, muyese chonchi: gwirani buleki ya kutsogolo, mukankhe njinga kutsogolo ndi kumbuyo, chala chimodzi chili pomwe paipi ikulowa m'mwendo. Mukamva kugogoda pa chalapo mabushi atha. Koma onetsetsani kaye kuti si mabelingi a m'khosi amene akhwepa, ikani chala pa khosi la felemu muyesenso, ambiri amanamizira foloko pomwe vuto ndi khosi. Pomaliza itembenuzeni muyang'ane ming'alu pa korona, pa uta wolumikiza miyendo ndi pomangira ekiselo. Mng'alu uliwonse, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, isiyeni, musanenerere n'komwe mtengo.

Chachisanu, kumanga

Ngati simunachitepo pitani kwa wokonza njinga, koma mukhalepo. Kamphete ka belingi ka pansi kachotsedwe pa foloko yakale kaikidwe pa yatsopano mosapendama. Musanadule paipi ya khosi mangani zonse kaye, ma spacer, timphete tokwezera mahandulo tija, ndi sitemu yogwira mahandulo, mulembe mzere, muyezenso kachiwiri, mudule mamilimita atatu kumunsi kwa mzerewo kuti kachivundikiro ka pamwamba kapeze pokokera. Ine ndimasiya yaitali pang'ono n'kuika spacer pamwamba, mawa ndikafuna kugulitsa ikwane kwa wina. Pomanga yambani ndi bawuti ya pamwamba, pang'onopang'ono mpaka kugwedera kuthe koma mahandulo azikhota momasuka, kenako mabawuti a m'mbali mwa sitemu. Ndipo taonani bwino komwe uta waloza. Pa mafoloko ambiri uta umakhala kutsogolo, ndaonapo njinga zingapo pa msika zomangidwa chambuyo, eni ake n'kumadabwa kuti chala cha phazi chikugunda tayala pokhota. Za Manitou ndi zimene zimadziwika ndi uta wa kumbuyo, anazipanga choncho, ndiye chotsimikizira ndi buleki ya disiki, ikhale kumanzere komanso kumbuyo kwa mwendo.

Chachisanu ndi chimodzi, ichunireni thupi lanu

Anthu ambiri amene amati foloko yakuti ndi yoipa sanaichune. Yambani ndi sag, ndiko kuti foloko imatsika bwanji mukangokwera osapalasa. Tsegulani loko, tsitsani kamphete ka labala kali pa paipi mpaka pa seal, ngati kalibe mangani ka waya wa pulasitiki kaja kokoka, kosathina kwambiri. Tsamirani khoma kapena mnzanu akugwirireni, kwerani mofatsa mutavala zimene mumapalasa nazo ndi botolo la madzi lomwe, imirirani pa mapedulo, tsikani osadumpha. Yezani pakati pa seal ndi kamphete. Pa foloko ya mamilimita 100 pakhale 15 mpaka 25, ine ndimakonda 20. Ikapitirira onjezerani mpweya, ikachepa phwetsani pang'ono. RockShox zambiri zili ndi tchati cha mpweya pa mwendo ndi timizere ta sag pa paipi pomwepo, yambirani pamenepo. Pampu ikhale ya mashoko, imene imafika 300 psi ndipo imalowetsa mpweya pang'onopang'ono, ya matayala kapena kompulesa ya pa filing'i siteshoni ayi. Ife tinasonkherana n'kugula imodzi ya gulu, imayenda m'chikwama cha amene wasunga sabata imeneyo.

Kenako rebound, kachitsekerero kofiira pansi pa mwendo wa kumanja. Pa RockShox anajambulapo kalulu ndi kamba, ndiye n'zosavuta kukumbukira, kwa kalulu imabwerera msanga, kwa kamba mochedwa. Imani pambali pa njinga, tsindikizani mahandulo ndi mphamvu n'kuchotsa manja mwadzidzidzi. Tayala likadumpha kusiya pansi pitani kwa kamba kamodzi kapena kawiri. Koma musapitirire, chifukwa pa timabampu tondondozana foloko yochedwa sipeza mpata wobwerera, imangomirabe mpaka imalimba ngati youma, ndipo misewu yathu yambiri ndi ya mtundu umenewo.

Mukachuna ndiye mutha kufananitsa mwachilungamo. Sankhani kamsewu kamodzi ka makilomita awiri kapena atatu kokhala ndi malata, mizere ya ngolo ndi kachitunda, matayala mupope mofanana, mubwerekane njinga ndi mnzanu wa thupi ngati lanu. Mvetserani manja, onani ngati kutsogolo kukumira kwambiri mukagwira buleki, ngati wilo ikupotoka mukalowa mumzere wa ngolo, apa ndi pomwe mapaipi a 32 amaposera a 28, komanso ngati ikuvinavina mukaimirira pokwera. Pomaliza yang'anani kamphete kaja, pa bampu lalikulu kwambiri kayenera kufika pafupi ndi pamwamba, kakathera pakati ndiye kuti theka la foloko munangolilipira osaligwiritsa ntchito.

Chomaliza, fumbi

Kuyambira mwera ukamawomba mu June mpaka kutentha kwa October fumbi la kuno ndi losalala ngati ufa, ndipo ndi limene limapha mafoloko. Mukangofika kunyumba pukutani mapaipi ndi m'mphepete mwa ma seal ndi kansalu kofewa, tsindikizani kangapo, fumbi lina lituluka ngati kamphete, pukutaninso. Mphindi imodzi yokha. Musathire palafini, dizilo kapena oyilo wakuda wa galimoto, zimenezo zimawononga labala ndi kuitana fumbi. Kotsukitsa magalimoto musalole kuti alozetse paipi ya madzi amphamvu pa ma seal, ndipo kunyanja musalowetse njinga m'madzi kuti muitsuke, mafunde amabwera ndi mchenga. Ena amavundikira mapaipi ndi chubu chakale, maganizo ndi abwino koma nthawi ya dzinja madzi amatsakamira mkatimo dzimbiri n'kuyamba osaliona, bola kamadigadi kakang'ono komangirira pa uta.

A RockShox amati miyendo ya pansi itsegulidwe pa maola 50 aliwonse opalasa ndipo sevisi yaikulu pa maola 200, a Fox amati maola 125 kapena kamodzi pa chaka. Ngati mumapalasa maola asanu pa sabata, maola 50 ndi masabata khumi okha, ndipo ndi fumbi lathuli ine sindidikira kuti akwane. Pa ya mpweya phwetsani mpweya wonse musanamasule chilichonse, chonde, ndipo oyilo muthire mtundu ndi muyeso umene uli m'buku la foloko yanuyo, sirinji ya ku famase imathandiza poyeza. Pa ya sipulingi ya girisi masulani manati a pansi, kokani miyendo, pukutani matope onse ofiira aja ndi nsalu yokulunga pa kamtengo, pakani girisi wofewa pa mabushi ndi ma seal, bwezerani. Ngati yanu ndi ya oyilo m'miyendo, usiku woti mawa kuli ulendo muigoneke njinga chadodolido kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kuti oyilo atsikire ku timasiponji ta pansi pa ma seal, mukaiimika finyani mabuleki kangapo muone kuti akugwira musananyamuke.